Bawuti ina ntchito yake ndi kuthyoka

Mabawuti atatu anathyoka dzuwa lisanafike paliwombo. Unali mwezi wa Okutobala, kumunda kwa amalume anga ku Mchinji, ndipo thirakitala yahayala yokoka silasha inkatchetcha thengo pa tsala limene linagonera zaka zingapo. M'kati mwa udzu munabisala zitsa za mitengo yodulidwa kalekale. Mpeni wa silasha ukangogunda chitsa pankamveka kuti khoo, kenako injini n'kumalirabe bwinobwino koma mipeni itasiya kuzungulira. Dalaivala ankazimitsa, kutsika, kukhoma zidutswa za bawuti yoduka pamene shafuti ya PTO, yotenga mphamvu ku thirakitala, imalumikizana ndi giyabokosi ya silasha, n'kulowetsapo ina. Yachitatu itaduka, m'bokosi la masipanala munalibenso yotsala.

Anakwera kabaza kupita kumsika, n'kubwerako ndi bawuti yakuda bii yochokera pa injini ya galimoto yophwasulidwa. "Bambo, iyi yokha sithyoka," anawauza amalume, ndipo tonse tinavomereza chifukwa kuimaima kunali kutatitopetsa. Bawutiyo sinathyokedi. Pa chitsa chachiwiri cha masana amenewo, chimene chinasweka ndi mano a magiya m'kati mwa giyabokosi, nayo shafuti inapotoka. Silasha inagona pansi pa mtengo wa mango masabata angapo kudikira zipangizo, mwini thirakitala anataya maoda a minda ina, ndipo amalume anamalizitsa tsala lija ndi aganyu a zikwanje mvula yoyamba itagwa kale.

Dalaivala uja sindimuimba mlandu. Anachita zimene ambirife timakhulupirira, zoti chitsulo chikathyoka ndiye kuti chinali chofooka ndipo mankhwala ake ndi china cholimba kuposa. Pa makina a kumunda nzeru imeneyi imagwira pena, pena imapha makina. Alipo mabawuti amene anaikidwa kuti agwire zivute zitani, ndipo alipo ena amene opanga makina anawasankha dala kuti azifa m'malo mwa chipangizo chodula. Ukawaona m'katoni ku hadiweya onse ndi amodzi. Kusiyana kwawo kunalembedwa pamutu, pamene ambirife sitiyang'anapo.

Kwathu kuno bawuti timaitchula ndi sipanala imene imaimasula. Munthu amalowa m'sitolo n'kunena kuti, "Achimwene, ndipatseni ya 19, yotalika chonchi," uku akuonetsa ndi zala. Wogulitsa amatapa, ndalama yaperekedwa, malonda atha. Koma 19 ija imangonena za kukula kwa mutu, sinena kanthu za chitsulo chake. Mutapukuta mutuwo ndi chala n'kuupendeketsa padzuwa, mungaone manambala awiri olekanitsidwa ndi kadontho: 4.6, 4.8, 5.8, 8.8, 10.9 kapena 12.9. Amenewa ndi magiredi a mabawuti oyezedwa m'mamilimita, ndipo amatsata muyezo wa dziko lonse wotchedwa ISO 898-1.

Kuwerenga kwake sikulira sukulu ya uinjiniya. Nambala yoyamba mukaichulukitsa ndi 100 imakupatsani mphamvu yokoka imene chitsulocho chingapirire chisanaduke, pa kamalo ka milimita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Pa 8.8 ndi manyutoni 800, kapena tinene makilogalamu pafupifupi 80 atalendewera pa kachitsulo kochepa ngati mutu wa phini. Nambala yachiwiri imanena pamene bawuti imayambira kutamuka osabwereranso mwakale. Pa 8.8 ndi pa magawo 8 mwa magawo 10 a mphamvu ija, ndiye kuti pa 640. Ya 4.6 imaduka pa 400, koma imakhala itayamba kale kutamuka pa 240.

Tiziike m'matumba a chimanga a makilogalamu 50, amene aliyense amadziwa kulemera kwake. Bawuti ya M12, ija yomasulidwa ndi sipanala ya 19 kapena ya 18, ikakhala ya 4.6 imaduka isananyamule matumba 70. Ya 8.8 imapirira matumba opitirira 130. Ya 10.9 imafika pafupifupi 180. Kunenepa n'kumodzi, kutalika n'kumodzi, nati imalowa ponseponse, koma ina imasenza kuwirikiza kawiri ndi theka kuposa inzake.

Mphamvu imeneyi imachokera ku moto. Ya 4.6 ndi chitsulo chofewa wamba, chonga cha mageti ndi mabedi. Kuyambira 8.8 kupita m'mwamba, chitsulo chake chimakhala chosakanizidwa mwapadera, ndipo amachitentha mpaka kufiira psuu, n'kuchiziziritsa mwadzidzidzi, kenako n'kuchitenthanso pamoto woyezedwa bwino kuti chisamasweke ngati botolo. Pa 8.8 ndi 10.9 kutentha kwachiwiriku kumapitirira madigiri 400. N'chifukwa chake ndimamva chisoni ndikaona wowotcherera akumata nati ku bawuti ya 8.8 kuti isamamasuke, kapena makaniko akuifiiritsa ndi gasi kuti aiwongole. Moto umene unapereka mphamvu ndi womwewonso umailanda. Manambala amatsala pamutu, koma chitsulo cha pansi pake sichilinso chomwe chija.

Mabawuti a ku America, oyezedwa m'mainchi, salemba manambala. Amaika timizere toloza pakati pa mutu, motsata muyezo wawo wa SAE J429. Mutu wopanda mzere ndi Grade 2, yofewa. Timizere titatu ndi Grade 5, yopirira mapaundi 120,000 pa inchi ya sikweya. Timizere 6 ndi Grade 8, yopirira mapaundi 150,000. Apa pali msampha umene wakola amakaniko ambiri abwinobwino: Grade 8 si 8.8. Mnzake wa 8.8 ndi Grade 5, pamene mnzake wa Grade 8 ndi 10.9. Wogulitsa akati "iyi ndi eyiti," mufunseni kuti eyiti yake iti, ndipo muone nokha pamutupo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tsono tibwerere ku tsala la amalume. Shafuti ya PTO pa mathirakitala ambiri a kuno imazungulira ka 540 pa mphindi, ndiye kuti ka 9 pa sekondi iliyonse, ndipo kumbuyo kwake kuli mphamvu yonse ya injini ya dizilo. Mpeni ukaima mwadzidzidzi pa chitsa, injini siima nawo. Mphamvu ija imafuna potulukira, ndipo imathyola chilichonse chimene chili chofooka kuposa zinzake panjira yake. Opanga makina amadziwa zimenezi, choncho amasankhiratu chimene chidzathyoke, n'kuchiika poonekera, pofikirika ndi sipanala ziwiri, ndipo chikhale chotchipa. Imeneyo ndiye shear bolt. Ili ngati fyuzi ya magetsi. Amene anaonapo nyumba imene munthu anaika waya wa kopa m'malo mwa fyuzi akudziwa kumene moto umakathera.

Bawuti ikamadulidwa cham'mbali, ngati ndi sizasi, imapirira pafupifupi magawo 6 mwa 10 a mphamvu imene imapirira ikamakokedwa. Injiniya amawerengera kunenepa kwake ndi giredi yake kuti iduke giyabokosi isanamve kuwawa. Mukachotsa Grade 2 n'kuikapo Grade 8, mwalola nkhonya yowirikiza kawiri kuti idutse kukafika ku magiya. Mukachotsa 4.6 n'kuikapo 10.9, mwaposanso pamenepo. Bawuti yakuda imene dalaivala anabwera nayo inali ya mtundu umenewu, yopangidwira kugwira zitsulo za injini, ndipo inagwiradi ntchito imene inapangidwira, pamalo amene sinayenere.

Komatu pasakhale wonena kuti shear bolt iliyonse ndi yofewa. Masilasha ambiri a ku America amafuna Grade 2, koma mashafuti ambiri opangidwa ku Italy ndi ku Germany amafuna 8.8, yocheperako thupi. Chifukwa chake n'chomveka. Chitsulo cholimba chimaduka kamodzi n'kamodzi, mwaukhondo, ndipo zidutswa zimagwa zokha. Chofewa chimayamba chapindika, kukulitsa bowo, n'kukakamira m'katimo moti kuchichotsa mpaka hamala ndi tchizulo. Ndiye funso si lakuti yofewa kapena yolimba. Funso ndi lakuti wopanga makinawo analemba iti. Buku la makina likakhala kuti linatayika kalekale, monga zimakhalira ndi zipangizo zogulidwa kwa munthu wachitatu, yang'anani chomata cha pa chivindikiro cha shafuti, kapena sungani mutu wa bawuti yoyamba imene inabwera ndi makinawo kuti muzigulira zinzake. Ndipo thunthu losalala ndilo lizikhala podukirapo, osati mazinga. Thunthu la M12 lili ndi mamilimita a sikweya 113 pamene pa mazinga pamatsala 84 okha, choncho bawuti ya mazinga okhaokha imaduka msanga n'kumakunyengani kuti giredi ndi yochepa.

Makina ena, monga ma rotavator, sagwiritsa bawuti koma kilatchi yoterera ikapanikizika. Nayo ikakhala pamvula miyezi ingapo imamatana ndi dzimbiri n'kusanduka chitsulo chimodzi. Nyengo yolima isanayambe imafunika kumasula masipuling'i ake, kuitereretsa pang'ono, n'kumanganso pa muyezo wake. Ndipo chonde, posintha shear bolt injini izikhala itazima, kiyi ali m'thumba. Shafuti yozungulira ka 9 pa sekondi ikakola mkono wa ovolosi, munthu sapeza mpata ngakhale wofuula.

Maganizo oti makina azigonja mwadongosolo ndi akale ndithu. Harry Ferguson wa ku Ireland, amene dzina lake lili pa mathirakitala ofiira odzaza m'maesiteti athu, ankadziwa za alimi amene ankafa thirakitala ikadzuka kutsogolo n'kugwa chagada pulawo itakodwa pa mwala. Njira yake yomangira pulawo pa mfundo zitatu, imene inafala ndi kathirakitala kotuwa ka TE20 kopangidwa ku Coventry kuyambira 1946, inkachititsa kuti pulawo ikakodwa, matayala akumbuyo apepukidwe n'kumangozungulira pamodzimodzi. Mapulawo ambiri a masiku ano, makamaka ophwanya nthaka yolimba ya pansi, ali ndi mabawuti awiri pa mwendo uliwonse: yaikulu yozungulirapo ndi yaing'ono yodukira. Kuzisinthanitsa, kapena kukulitsa bowo la yaing'onoyo kuti mulowe yonenepa, ndiko kupinda felemu yonse.

Kwina konse kotsala, nkhani imatembenuka. Mabawuti a marimu, a chitsulo chokokera ngolo, a miyendo ya rija, a mahabu a madisiki, a felemu yoteteza dalaivala thirakitala ikagubuduka, amenewa sayenera kugonja. Apa 8.8 ndiye poyambira, ndipo pamene wopanga anaika 10.9 pabwerere 10.9. Bawuti ya mutu wosalala, yopanda nambala kapena mzere, ndi ya geti ndi khola la nkhuku. Ine ndikaona ngolo yodzaza matumba ikutsika mtunda itamangidwa ku thirakitala ndi chidutswa cha Y12 chotsala pomanga nyumba, pamwamba pali ana ndi amayi aganyu, mtima umandithamanga. Chitsulo cha konkire sichinapangidwe kuti chizigwedezeka m'bowo tsiku lonse. Mapini a manja a thirakitala nawonso ali ndi miyezo yawo: a gulu loyamba ndi mamilimita 22 m'munsi ndi 19 pamwamba, a gulu lachiwiri 28 ndi 25. Pini yochepa m'bowo lalikulu imamenyedwa ngati ndi hamala pa mzere uliwonse mpaka tsiku lina idzaduke.

Nanga bwanji osangogula 12.9 n'kuika paliponse pofunika mphamvu? Chifukwa chitsulo chikamalimba chimasiya kupirira kupindika. Ya 8.8 ikalemedwa imatamuka kaye, mwina makaniko watcheru n'kuiona isanaduke. Ya 12.9 sichenjeza. Imadananso ndi dzimbiri, ndipo ikakutidwa ndi zinki mosasamala imatha kudzithyokera yokha patapita masiku itamangidwa, popanda chogunda. Kwawo kwa 12.9 ndi m'kati mwa makina, mouma, osati pa pulanta imene imamwa feteleza ndi chinyezi. Zonyezimira za stainless zolembedwa A2-70 ndi zabwino pa sipuleya ndi pa bokosi la feteleza chifukwa sizichita dzimbiri, koma zimayamba kutamuka pa 450, kutali ndi 640 ya 8.8. Kuwala kwake kusakunyengeni kuti muziike pa rimu.

Pali chinthu china chimene amakaniko akale amachita chimene ndikanakonda achinyamata a m'makoleji a ntchito zamanja atamachitengera. Bawuti ikaduka saiponya m'tchire, amayamba aiyang'ana podukapo. Pakakhala posalala, ngati podulidwa ndi mpeni, ndiye kuti inametedwa cham'mbali. Ikakhala kuti inawonda m'khosi isanaduke, ngati chingamu chokokedwa, ndiye kuti inalemedwa kapena inamangidwa mopitirira. Koma kawirikawiri mudzaona mbali yaikulu ili yosalala, yakuda, ya timizere tokhotakhota ngati ta chigoba cha nkhono, ndipo kambali kochepa kokha ndi kamene kali koyera ndi kokhakhala. Imeneyo inatopa. Mng'alu unayamba kalekale pa zinga limodzi, n'kumakula pang'onopang'ono pa kugwedezeka kulikonse, ndipo kambali koyerako ndi komwe kanatsala kakugwira tsiku lomaliza. Bawuti yotere sinafe chifukwa cha giredi. Inafa chifukwa inali yosamangitsa.

Bawuti yomangidwa bwino imakhala itakokedwa pang'ono ngati sipuling'i, ndipo imapanikiza zitsulo ziwiri mwamphamvu moti katundu amadutsa m'zitsulozo, iyo osagwedezeka. Ikangomasuka, nkhonya iliyonse ya dothi imafikira pa iyo, ndipo ngakhale 10.9 imatopa. Muyezo womangira M12 ya 8.8 youma ndi pafupifupi 85 Nm, zofanana ndi kukanikiza makilogalamu 17 kumapeto kwa sipanala yotalika theka la mita. M16 imafuna pafupifupi 200. Tsono taganizani za mnyamata wa makilogalamu 70 ataponda kumapeto kwa paipi ya mita imodzi yolowetsedwa ku sipanala, monga timaonera m'magalaja a pansi pa mtengo. Ameneyo akupereka pafupifupi 700, kuwirikiza kasanu ndi katatu zimene M12 imafuna. Bawutiyo imachoka pamenepo itatamuka kale. Girisi nayenso amasintha masamu, chifukwa pafupifupi magawo 9 mwa 10 a mphamvu ya dzanja amathera pa kukhulana kwa mazinga ndi pansi pa mutu. Mukapaka mafuta n'kumanga ndi mphamvu yomweyo, mwamangitsa mopyola. Sipanala yoyezera mphamvu ndi yodula, inde, koma kalabu ya alimi kapena mwini mathirakitala ahayala angaikwanitse imodzi, ndipo pulawo yatsopano kapena tayala longobwezeredwa kumene liyenera kumangidwanso pakatha maola ochepa a ntchito.

Nati nayo ili ndi giredi, yolembedwa 8, 10 kapena 12, ndipo isachepere nambala yoyamba ya bawuti. Mukaika nati yofewa pa 10.9, mazinga ake amasalala bawuti isanafike pa mphamvu yake.

Za mazingazi pali mutu wina umene umavutitsa makamaka eni mathirakitala akale. Massey Ferguson 135 ndi 165, amene ena akulimabe mpaka lero ngakhale anapangidwa m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ali ndi mabawuti a mainchi, a mazinga a UNF ndi UNC. Zipangizo zambiri zatsopano zochokera ku India, China ndi Brazil ndi za mamilimita. Bawuti ya theka la inchi ndi mamilimita 12.7 ndipo imamasulidwa ndi sipanala yofanana pafupifupi ndi ya 19, choncho kwa wogula wotchula sipanala, iyo ndi M12 ndi chinthu chimodzi. Ya 5/16 imafanana ndi M8, ya 5/8 imafanana ndi M16. Nati imalowa kawiri kapena katatu kenako n'kulimba, ndipo wosadziwa amaikakamiza poganiza kuti ndi dzimbiri. Zikachitikira pa nati mwataya nati. Zikachitikira m'bowo la pa thupi la thirakitala, mwadzipezera ntchito ya masiku. Lamulo la amakaniko ndi lakuti nati yoyenera imayenda ndi zala mpaka kumapeto, sipanala imabwera pomaliza.

Chovuta kwambiri n'chakuti manambala a pamutu nawo amatha kunama. Si vuto la kuno kokha. Ku America, m'zaka za m'ma 1980, anatulukira kuti mabawuti achinyengo ochuluka, olembedwa giredi yapamwamba pa chitsulo chosayenera, anali atalowa mpaka m'zida za asilikali, ndipo mu 1990 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Fastener Quality Act. Bawuti yeniyeni ya 8.8 kupita m'mwamba imakhala ndi zinthu ziwiri pamutu, giredi ndi chizindikiro cha fakitale imene inaipanga. Ikakhala ndi 8.8 yokha popanda mwini wake, ikayikireni. Tupa imathandizanso: pa chitsulo chofewa imadya mosavuta, pa 10.9 imadya monyinyirika. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndilo limayang'anira miyezo ya katundu m'dziko muno, ndipo pamene tikukamba za ulimi wa makina ndi minda ikuluikulu, ndikuona kuti mabawuti ayenera kulowa m'nkhaniyo monga momwe mbewu ndi feteleza zimalowera. Pakadali pano, mabawuti a marimu, a mipeni ya silasha ndi a chokokera ngolo ndi bwino kuwagula kwa ogulitsa zipangizo za mathirakitala, ngakhale ulendo wake ukhale wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre.

Mlimi wa pulawo ya ng'ombe ku Mzimba asaone ngati nkhaniyi ndi ya eni maesiteti okha. Khasu la pulawo limamangidwa ndi bawuti yakeyake, ya mutu wophwatalala wolowa m'kati ndi khosi la makona anayi. Mukaikapo ya mutu wotumphuka, dothi limakakamira pamenepo, ng'ombe zimalemedwa, ndipo mutuwo umadyeka mpaka sipanala kusowa pogwira. A chigayo nawo akudziwa chimene hamala yothothoka imachita ku sefa.

Tsala la amalume linadzalidwa mochedwa chaka chimenecho. M'chilimwe chotsatira anayenda munda wonse ndi anyamata, kuzula zitsa zimene akanatha ndi kuzika timitengo ta nsanza zofiira pa zimene zinakanika. Thirakitala yomwe ija inabweranso, dalaivala wake yemweyo, giyabokosi yatsopano. M'bokosi la masipanala munali chitini cha mkaka chokhala ndi mabawuti khumi ofanana, mitu yake itapakidwa penti yofiira kuti asasokonezeke ndi ena. Awiri anaduka tsiku limenelo, pa zitsa zimene anyamata sanazione. Kusintha iliyonse kunatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo pamene ng'ombe zinkabwerera kukhola, silasha inali itakwezedwa kale, ikupita kumunda wina.